Nsomba Zimene Lettie Sanazione

1

Mwana wanga Rejoice watha miyezi isanu ndi iwiri osandilankhula. Sindikumuimba mlandu. Ndili ndi mwana mmodzi yekhayo, ndipo chimene chinamuchotsa ndinamuuza ndekha, ndi pakamwa panga.

Ndine Frackson Lekani, wa zaka 58. Ndimakhala ku Ellenbrook, kunja kwa mzinda wa Perth, ndipo ndimagwira ntchito mu labu yoyeza dothi ndi miyala yochokera ku migodi. Mkazi wanga Lettie anamwalira mu 2013. Ku tchalitchi amanditenga ngati chitsanzo, bambo wofatsa amene analera yekha mwana wamkazi osakwatiranso. Akamandiyamikira choncho ndimangoyang'ana nsapato zanga.

Linali Loweruka la mu Epulo. Khonsolo inali italengeza kuti idzatola zinthu zakutha zimene anthu aika m'mphepete mwa msewu, ndiye Rejoice anabwera kuchokera m'tauni, kumene amakhala ndi kugwira ntchito, kudzandithandiza kukonza m'galaja. Tinatulutsa njinga yake yakale, mipando iwiri yothyoka ndi fani yopanda mapiko. Kenako anavundukula chitenje chimene chinaphimba chinthu chachikulu pakona.

"Dadi, iyi mukadali nayo?"

Inali TV ya 3D, ija yoonera ndi magalasi. Rejoice anafika kuno ali wamng'ono, Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi cha kuno, chotulukira m'mphuno. Tsiku limenelo mawu ake anali owuma.

"Isiye pomwepo," ndinatero. "Ikugwirabe ntchito."

"Ntchito yanji? Anasiya kalekale kupanga zimenezi. Gwirani uko tiinyamule."

"Ndati isiye."

Sindikweza mawu kawirikawiri, ndiye anandiyang'ana modabwa. Anakhala pa chigubu cha penti, nkupukuta manja pa jinzi.

"Mukudziwa kuti ndikaiona ndimafuna kusanza?" anatero. "Inapha Mami. Ndipo amene analira m'sitolo muja mpaka mutaigula ndine."

Ndinayesa kuseka, koma nkhope yake sinali ya nthabwala.

"Ndakhala nazo kuyambira tsiku la maliro," anapitiriza. "Ndapitako kwa alangizi awiri a za maganizo. Onse akuti TV singadwalitse munthu choncho. Mutu wanga umavomera. Koma Mami anali bwinobwino mpaka tsiku limene anavala magalasi aja. Inunso mukudziwa."

Pamenepo ndinazindikira kuti pa dziko lonse pali munthu mmodzi yekha amene angamumasule mwanayu, ndipo munthuyo akamumasula atsala wopanda mwana.

2

Tinafika ku Perth mu 2008. Lettie anali namwino, ndipo viza yake ndi imene inatinyamula tonse atatu. Ankagwira ntchito pa chipatala china cha mbali ya ku Joondalup, ine ndikumaliza digiri yanga yachiwiri. Ntchito za pakhomo tinagawana mosavuta: odwala anali ake, mapepala anali anga. Fomu iliyonse, kalata ya ku sukulu, foni ya ku ofesi ya boma, zonse zinkadutsa m'manja mwanga. Munthu akamufunsa kanthu ankangoti, "Funsani a Pulofesa." Ndi dzina limene ankanditchula, pena monyadira, pena mondigemula.

Mu Ogasiti 2011 tinatumiza pempho la mapepala okhalira muno mpaka kalekale. Tonse atatu tinayezedwa m'thupi ndipo tinapezeka bwino. Ejenti amene ankatiyendetsera pempholo anati yankho likhoza kubwera pakatha miyezi itatu kapena inayi. Potsanzikana anawonjezera kuti ngati china chasintha m'banja mwathu tikudikira, ngakhale pa za thanzi, tiyenera kunena. Ndinalemba mawu amenewo m'kabuku kanga. Lettie nkuti ali pa shifiti.

Chaka chimenecho anthu anapenga ndi ma TV a 3D. M'masitolo a zamagetsi ankaika sofa kutsogolo kwa TV yaikulu, magalasi atamangidwa ndi chingwe kuti asabedwe, ndipo anthu ankaima pamzere kuti aone mpira ukutuluka m'galasi kubwera kumaso kwawo. Akuluakulu a ndevu zawo ankazinda mutu ngati ana. Ku ntchito, ku tchalitchi, nkhani inali yomweyo: TV wamba yatha, zaka ziwiri zikubwerazi aliyense adzakhala ndi ya magalasi.

Tsiku lotsatira Khirisimasi, zinthu zitatsika mtengo, tinalowa m'sitolo ina ku Joondalup kukagula ketulo. Rejoice anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anavala magalasi aja, nkutambasula manja kuti agwire nsomba zimene zinkasambira pamaso pake. Kumuchotsa pa sofa ija inali nkhondo. Analira mpaka kukhala pansi.

"Tabwera kudzagula ketulo," ndinatero.

"Mugulireni, bambo a Rejoice," Lettie anatero akuseka. "Nyumba za anzake zonse amangopita kukaonera za eni. Nafenso atiyendereko anthu."

"Inuyo mwaionako?"

"Mzere wonsewu? Ndikaonera kwanga, nditakhala pa mpando wanga."

Tinaigula. Ketulo tinaiiwala.

3

Lamulungu lotsatira, titaweruka ku tchalitchi, nyumba yathu inadzaza. Panali a Chisenga, mnzanga wa ku Zambia amene ankayendetsa basi, ndi akazi awo a Mwaka, amene ankasamalira okalamba. Panalinso mabanja ena awiri. Magalasi analipo anayi okha, ndiye anthu ankaonera mosinthana. Tinatseka makatani, nkuika chimbale chimene chinabwera ndi TV, cha nsomba za m'nyanja yamchere.

A Chisenga anayamba. Chinsomba chachikulu chitatembenukira kwa iwo anadumphira kumbuyo kwa sofa, fanta nkutayikira pa kapeti.

"Iwe mudala, ichi chinthu chiluma!" anakuwa. "Nichoseni, nili na bana!"

Anthu anaseka mpaka misozi. A Mwaka anaonera atagwira pachifuwa, akuitana Yesu. Kenako Rejoice anakoka amayi ake kuchokera kukhitchini, nkuwaveka magalasi yekha.

Lettie anakhala phee. Nsomba zinabwera, zinadutsa, iye osagwedezeka.

"Ndiye ziyamba liti?" anafunsa.

"Zayamba kale, Mami! Iyo, iyo ikubwera!"

"Ine ndikungoona nsomba za pa TV. Zokongola, koma zili mkati mwawo momwemo."

"Ba Lettie ni ba nesi," a Chisenga anatero. "Baona vambiri. Nsomba singabayofye."

"Kapena maso a ku Ntcheu sanazolowere za sayansi," ndinawonjezera ine, anthu nkusekanso. Lettie anandiponyera pilo.

Tinasintha magalasi, tinasintha batire, anasuntha mpando. Palibe chinasintha. Anavula, nkutikita pachipumi.

"Zangondipweteketsa mutu. Onerani inu, ine ndikaone nkhuku."

Madzulo ake azibambo tinali panja pa chowotchera nyama. A Chisenga anatsitsa mawu nkutiuza za banja lina la ku Zimbabwe limene ankalidziwa. Mayi anali namwino ngati Lettie, zaka zisanu akugwira ntchito muno. Akudikira mapepala, mwamuna anapezeka ndi matenda a impso ofuna chithandizo cha moyo wonse. Pempho la banja lonse linakanidwa.

"Mmodzi akagwa, bonse bagwa," anatero a Chisenga akutembenuza soseji. "Manje bali ku Bulawayo. So mudala, ngati uli na chifuwa, kosomola mu pilo mpaka pepa ichoke."

Tinaseka. Sindikudziwa ngati nkhaniyo inali yoona yonse. Nkhani zotere zimayenda pakati pathu ngati chimfine, ndipo palibe amene amafunsa kuti anaiona ndani. Ine ndinaimeza yonse.

4

Lachiwiri ndinatenga magalasi aja kubwerera nawo ku sitolo. Nditafika kunyumba ndinapeza Lettie akusita yunifolomu.

"Akuti bwanji?"

"Magalasi alibe vuto," ndinatero. "Akuti anthu ena saona 3D basi. Mwa anthu khumi, mmodzi. Ndi chibadwa, ngati kukhala wamanzere."

"Si maso anga? Mwina ndikayezetse."

"Munayezedwa mu Ogasiti, anakupezani bwino. Mukufuna akugulitseni magalasi a maso pachabe? Ndawerenga zonse, mayi a Rejoice. Palibe kanthu."

Anandiyang'ana pang'ono, nkumwetulira.

"Basi, a Pulofesa anena. Kabuku ka TV kali kuti, ndionemo ndekha?"

Ndinamupatsa. Anatsegula masamba angapo, anaona zojambula za mawaya ndi mabatani, nkukaponya pa tebulo.

Miyezi itatu ya ejenti inakhala isanu, kenako isanu ndi itatu. Tsiku lililonse ndikaweruka ndinkayamba ndatsegula imelo ndisanavule nsapato. Ndikamuimbira ankangoti tidikire, mzere ndi wautali.

Mu Malichi Lettie anathira tiyi pambali pa kapu, madzi otentha nkuyenderera pa tebulo. Anati ndi tulo. Mu Meyi anakhulitsa galimoto mbali ya kumanzere pa chipilala cha galaja, chipilala chimene ankachidutsa tsiku ndi tsiku. Anati chipilalacho chasuntha, tinaseka, ndipo kuyambira pamenepo ndinayamba kumuperekeza ku ntchito ndekha. Anzake ankamuchitira nsanje.

"Amuna a ku Malawi achikondi chotere akadalipo?" ankamufunsa.

Mutu unkamuwawa m'mawa uliwonse. Mapanado ankakhala m'thumba la yunifolomu, m'galimoto, pafupi ndi bedi. Ankati ndi mashifiti, ndipo ine ndinkavomereza kuti ndi mashifiti. Namwino akadwala amadziyeza yekha ali chiimire, nkudzipatsa yankho limene lingamulole kupita ku ntchito mawa. Lettie akafuna munthu wachiwiri womutsimikizira ankatembenukira kwa ine.

TV ija inayamba kutopetsa anthu msanga kuposa mmene tinkaganizira. Zoonera za 3D zinali zochepa, magalasi ankalemera pamphuno, ndipo munthu sungadye ukuona mbale yako bwinobwino utawavala. A Chisenga, amene analumbira kuti agula yawo, anagula makina otchetchera kapinga. Rejoice yekha ndi amene ankavalabe magalasi Loweruka m'mawa, nkumakakamiza amayi ake.

"Yesaninso, Mami. Mwina lero muziona."

Lettie ankavala kuti mwana asangalale, nkumazinda mutu monamizira.

"Eee, iyo yandiluma!"

Akatero Rejoice ankaomba m'manja, ine nkutuluka kukathirira maluwa.

5

Mapepala anatuluka pa 14 Novembala 2012. Ndinawerenga imelo ija katatu ndili chiimire pakhomo. Lettie anagwada pa kapeti nkuyamba nyimbo ya chiyamiko, Rejoice akudumpha pa sofa. Tsiku lomwelo, tikudya, ndinanena ngati zongodutsa:

"Mutu wanuwo watenga nthawi. Sabata ya mawa tikaonane ndi dokotala."

"Lero ndiye mwauona?" anaseka. "Chabwino, ndikatha mashifiti a mwezi uno."

Sanawathe. Patapita masiku asanu ndi anayi anagwa ku ntchito ali pakati pa wodi, thupi lonse likugwedezeka. Anzake omwe ndi amene anamunyamula.

Dokotala wa za ubongo anali mayi wamtali wolankhula pang'onopang'ono. Anatiika m'kachipinda nkutionetsa chithunzi cha sikani. Kumbuyo kwa diso lamanzere kunali chotupa chachikulu ngati dzira la nkhuku. Chinayamba ndi kufinya mtsempha wa diso, anatero, kenako chinamera mozungulira mitsempha ya magazi. Diso lamanzere linali litasiya kuona bwino kalekale, koma lamanja linkagwira ntchito ya onse awiri, nchifukwa chake mwini wake sanazindikire.

"Chikanapezeka chaka chatha?" Lettie anafunsa. Anafunsa ngati namwino, mawu osanjenjemera.

Dokotala anayamba wayang'ana pa tebulo.

"Sindingalonjeze za m'mbuyo. Koma chikanakhala chaching'ono, ndipo mwina tikanachichotsa chonse. Panopa tichotsa chimene tingathe."

Anamuchita opaleshoni kawiri. Pofika Febuluwale sankathanso kuyenda. Tsiku lina masana ndikumumwetsa phala anagwira dzanja langa kuti ndiime.

"Bambo a Rejoice, mundikhululukire."

"Pa chiyani?"

"Ndine namwino. Tiyi uja, galimoto ija, mutu tsiku lililonse. Akanakhala wodwala wanga ndikanamukalipira. Ndinadzitayirira, ndipo ndikukusiyirani mwana nokha. Mundikhululukire."

Owerenga, ndinali ndi mpata. Munalibe wina m'chipindamo. Ndinapukuta phala pa chibwano chake nkunena kuti, "Ndakukhululukirani."

Anamwalira pa 9 Malichi. Tinamuika kuno komwe, ku manda a Pinnaroo, kumene makangaroo amadya maluwa a pa mitumbira anthu akangotembenuka. Titabwerako nyumba inadzaza amayi a ku tchalitchi. Ndikudutsa pakhonde ndinamva a Mwaka akuuza anzawo, chala chikuloza TV:

"Ni ma glass yaja. Tinalipo ise, tinaona. Anangovala so, mutu wayamba. Vinthu va magetsi pafupi na bongo, mufuna chani?"

Amayi ena anavomereza ndi mitu. Rejoice anali atakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo, mbale ya mpunga pamiyendo, osadya. Ndinamuona. Ndinkadziwa kuti zimene a Mwaka akunena ndi zabodza, ndipo chiganizo chimodzi chikanakwana kuzithetsa. Koma bodza limenelo linkaloza kutali ndi ine. Ndinapitirira kukalandira abusa.

6

Tsopano tibwerere m'galaja muja, Rejoice atakhala pa chigubu cha penti.

"TV sinadwalitse amayi ako," ndinatero. "Chotupa chinalipo kale tisanaigule."

"Aliyense amatero. Mukudziwa bwanji? Munali m'mutu mwawo?"

"Dikira pomwepo."

Ndinalowa kuchipinda, nkutsitsa fayilo ya mapepala athu okhalira muno. Kumbuyo kwa kalata ya boma ija kunali tsamba limodzi laling'ono, lodulidwa bwino ndi lezala. Ndinabwera nalo nkumupatsa.

"Ichi nchiyani?"

"Tsamba lachinayi la kabuku ka TV imeneyi. Werenga pamene ndinadula mzere."

Anawerenga mokweza, mwachizolowezi chake. Linkanena kuti ngati munthu sakuona kuya kwa zithunzi, kapena akumva mutu ndi chizungulire poonera, asiye ndipo akaonane ndi dokotala wa maso.

Ndinamuuza zonse, nditaima pafupi ndi chitseko. TV imeneyi imatumiza zithunzi ziwiri, china ku diso lamanja, china ku lamanzere, ndipo ubongo ndi umene umaziphatikiza kuti nsomba ituluke. Munthu amene diso limodzi lafooka amangoona chithunzi wamba. Ine zimenezi ndinazidziwa Lamulungu lomwe lija, Lettie asanavule magalasi.

Ndinamuuzanso za ku sitolo. Wogulitsa uja, mzungu wachikulire wa ndolo kukhutu, anayesa magalasi nkupeza kuti ali bwino. Ananenadi kuti anthu ena saona 3D chibadwire. Koma anafunsanso ngati mkazi wanga anali ndi diso limodzi lofooka kuyambira ali mwana. Nditati ayi, anatsegula kabuku, nkuloza tsamba limeneli ndi chala. "Mupite naye sabata ino, bwanawe," anatero. "Mwina si kanthu. Koma mlamu wanga zinayamba chonchi." Tsambalo ndinalidula ndili m'galimoto, pamalo oimika magalimoto a sitoloyo.

Sabata yomweyo ndinamuyesa ndekha. Lettie akusenda mbatata ndinaima kumanzere kwake nkukweza dzanja, kuligwedeza pafupi ndi khutu lake. Sanatembenuke. Ndinapita kumanja, nkuchita chimodzimodzi. "Mukundiingitsira ntchentche?" anafunsa. Mawa lake ku labu ndinawerenga pa kompyuta zinthu zonse zimene zingachititse diso limodzi kuzima mwakachetechete. Zina zinali zazing'ono. Zina sizinali zazing'ono.

"Ndinaganiza kuti ndi miyezi iwiri yokha," ndinatero. "Mapepala atuluke, kenako tipite kuchipatala tsiku lomwelo. Ndinkaopa kuti akapeza chinthu chachikulu tiyenera kunena, ndipo atibweza tonse. Iwe unali utayamba kale sukulu kuno. Itakwana miyezi iwiri ndinati mwezi umodzi wina. Ndinatero mpaka inakwana miyezi khumi ndi umodzi."

Rejoice sanalire. Anapinda tsamba lija pakati, nkulitambasulanso.

"Mami ankadziwa za lamulo limenelo? Loti munthu anene akadwala?"

"Ayi. Mapepala anali anga."

"Ndiye simunawafunse. Simunawapatse mpata woti asankhe okha."

"Akanasankha kudikira. Ndimawadziwa."

"Mwina. Koma akanasankha iwo." Anayang'ananso tsamba lija. "Anamwalira akudziwa?"

"Anamwalira akuganiza kuti analakwa ndi iwo. Anandipepesa."

"Inu munati chiyani?"

Ndinamuuza chimene ndinanena. Pamenepo ndi pamene anaimirira.

"Tsiku la maliro, Anti Mwaka akulankhula zija, munandiona nditakhala pansi paja?"

"Ndinakuona."

"Ndinali ndi zaka khumi, Dadi."

Anaika tsamba lija m'thumba la jinzi, natenga makiyi a galimoto pa shelefu. Pa geti anaima ngati wakumbuka china. Ndinaganiza kuti abwerera kudzandimenya, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangokokera njinga yake yakale pa mulu wa zotaya kuti isatsekereze njira ya anthu oyenda pansi, nalowa m'galimoto.

7

Ndinamuimbira kawiri sabata yoyamba. Kachitatu foni sinalowenso. Ku tchalitchi anasiya kubwera. A Chisenga, amene tsitsi lawo layera tsopano, anandifunsa kuti mwana ali kuti, ndinati ntchito yamuchulukira. Mukuona, bodza silinandithere. Amva zoona akawerenga magazini ino, ndipo a Mwaka adziwa kuti mawu awo aja sindikuwasungira mlandu. Iwo analankhula mosadziwa.

Mwezi watha ndinapeza envelopu m'bokosi la makalata, yopanda sitampa. Anabwera yekha mpaka pa geti ine ndili ku ntchito. Munali pepala limodzi lolembedwa pamanja.

Analemba kuti kwa nthawi yoyamba chichokereni amayi ake akugona tulo mpaka m'mawa, ndipo pa chimenecho akuthokoza. Analemba kuti sakundifunira choipa, koma ndisamufunefune, ndipo akadzakhala ndi ana adzawauza yekha za ine akadzakula. Kenako panali pempho limodzi.

Kuno manda amodzi amatha kukumbidwa mozama kuti mudzagone anthu awiri, mwamuna ndi mkazi wake. Pamene tinkaika Lettie ndinasayina kuti malo apamwambawo ndi anga. Rejoice ankadziwa zimenezi, chifukwa chaka chilichonse pa 9 Malichi tikapita ndi maluwa ndinkamuuza kuti asadzavutike ndi kunyamula mtembo wanga kupita ku Malawi.

"Malo aja muwasiye," analemba. "Mami anagona akukhulupirira munthu wina amene kulibe. Sindikufuna kuti ndikamapita kukawaona ndizikapezanso inu."

Ndinaganiza zokana. Mwalamulo malowo ndi anga. Ndinakhala ndi kalatayo masiku anayi, kenako Lachisanu ndinapempha kuweruka msanga, nkupita ku ofesi ya manda. Mayi wa pa kauntala anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, nkundipatsa fomu yosamutsira malowo m'dzina la mwana wanga. Mafomu ndimawadziwa. Ndinalemba mosalakwitsa pena paliponse.

Inu amene mukuwerenga muli ku Joondalup, ku Ellenbrook, kapena kwina kulikonse kumene anthu athu akudikira imelo ya boma, sindikupatsani malangizo ambiri, chifukwa ine si munthu woyenera kulangiza. Ndikudziwa mmene kudikira kumamusandutsira munthu. Umayamba kuona chilichonse, chifuwa cha mwana, chotupa cha pakhosi, ngati mdani wa pempho lako. Umadziuza kuti ukutchinjiriza banja. Ine sindinkamuda Lettie. Ndinkamukonda mmene ndimathera, mwakachetechete, ndipo tsiku lililonse la miyezi khumi ndi umodzi ija ndinkamuyang'ana kumaso ndikuwerenga masiku.

Mwina akanatibweza. Mwina sakanatibweza, sindinafunse ngakhale ejenti, poopa kuti funso lenilenilo lingatigwetse. Tikanakhala ku Lilongwe lero, m'nyumba ya lendi ku Area 25, tikudandaula za magetsi, iye ndi diso limodzi. Kapena akanamwalirabe. Zimenezi sindidzazidziwa, ndipo palibe dokotala amene angandiuze.

Chimene ndikudziwa nchakuti thupi linali lake, ndipo ine ndinalisungira chinsinsi kwa mwini wake. Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene amakukhulupirirani mpaka kusiya kudziwerengera yekha, muuzeni zonse zimene mwawerenga, ngakhale tsamba limene likukuopsani. Asankhe yekha.

Ine dziko lino ndinalipeza. Pasipoti ya kuno ndili nayo, ya buluu, ili mu fayilo. Kwathu ku Dowa makolo anatha, ndipo kwa a Lettie ku Ntcheu sindingapondeko akamva izi. Mayi wa ku ofesi ya manda uja, polandira fomu, anandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kuona malo ena, mbali ina ya mandawo, poti alipo ambiri. Ndinati ndiganizira kaye. Anafunsanso kuti pa fomu ya malo atsopanowo adzalembe dzina la ndani ngati wachibale woti adzamuimbire tsikulo likadzafika. Ndinaima pa kauntala paja ndi cholembera m'manja mpaka munthu wa kumbuyo kwanga anatsokomola.